Chithunzi Chimene Sationetsa

M'miyezi ya June ndi July, chisanu cha kuno ku Dedza chikalimba, khungu limauma ndi kuthetheka, ndipo palibe cholakwa kufuna mafuta odzola. Agogo athu ankadzola a nsatsi. Koma tiyeni tipenyetsetse zithunzi zimene otsatsa mafuta oyeretsa khungu amatiikira pamaso.

Pa chithunzi choyamba pali mayi wakuda, ali ndwii, mumdima. Pa chachiŵiri mayi yemweyo wayera, watchena, akumwetulira. Wojambula wasintha kuŵala, chovala ndi nkhope yomwe, koma ulemu wonse waupereka kwa mafutawo. Chithunzi chachitatu, cha mayiyo patapita zaka, sationetsa.

Machenjera aŵa ngakale. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, otsatsa mafuta a Ambi ankaonetsa anthu oyererapo ngati ndiwo ophunzira ndi otsogola. Mu 1975 madokotala a ku South Africa adafotokoza za zigamba zakuda zosachoka msanga zobwera ndi mankhwala a hydroquinone, ndipo mu 1990 dzikolo lidaletsa mankhwalaŵa m'zodzoladzola. Mafuta ena ali ndi mercury, amene amaononga impso.

Kaŵirikaŵiri wotsatsa malonda sanama poyera: amasankha chonena, zina nabisa. Choipa koposa, amayamba watiphunzitsa kunyoza khungu limene Mulungu adatipatsa, kenaka natigulitsa mankhwala ake.

Tsono makolofe tikhale pansi ndi ana athu, tiphunzire kufunsa: Kodi akulankhulayu ndani? Apindulapo chiyani? Nanga wasiya chiyani osanena? Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.