Mawu Atatu Osokeretsa pa Matenda a Zotupa Zakumtundu

Pali matenda akumtundu amene madokotala amawatcha MEN, omwe amabutsa zotupa m'ziwalo zingapo zopanga mahomoni mwa munthu mmodzi. Mtundu woyamba adaulongosola Paul Wermer mu 1954, ndipo wachiwiri John Sipple mu 1961. Kholo likakhala nawo, kuthekera kwakuti mwana aliyense awatengere ndi 50 pa 100. Kaamba ka ichi, mbiri ya banja ndiyo imatsogolera dokotala, ndipo mawu ofunsira wodwala ayenera kukhala olunjika. Mawu atatu amene omasulira ena amathamangira akulephera ntchito imeneyi.

Liwu loyamba ndi "mwanabere". Mwanabere ndi kotupa ka m'khosi, m'khwapa kapena m'mphechepeche kamene kamadza thupi likamalimbana ndi matenda. Koma mtundu woyamba wa MEN umayamba kawirikawiri ndi tiziwalo tinayi ta m'khosi totchedwa parathyroid, timene tikadwala timachulukitsa kashiamu m'magazi. Wodwala akafunsidwa za anabere adzangodzipapasa nayankha kuti palibe, osatchula timiyala ta mu impso timene tidasautsa atate ake.

Lachiwiri ndi "kapamba". Liwuli likusenza ziwalo ziwiri: chija chimatupa ndi malungo, ndi china chopanga insulini. Zotupa za MEN zimagwira chachiwirichi, ndipo zina zimatsitsa shuga m'magazi. Womva amaganizira malungo, ndipo funso limapita padera.

Lachitatu, loopsa koposa, ndi "majini". Akatswiri adapeza chibadwa choyambitsa mtundu wachiwiri mu 1993, ndi cha woyamba mu 1997. Polemba, "majini" amaoneka ngati Chichewa chabwino, koma m'khutu mwa anthu ambiri majini ndi mizimu yovutitsa. Banja louzidwa kuti lili ndi majini lingathe kulunjika kwa sing'anga. Chonsecho mwana wopezeka ndi chibadwa cha mtundu wachiwiri akhoza kuchotsedwa thyroid, chiwalo chimene chikatupa chimatchedwa chithokomiro, khansa isanayambe.

Choncho nkoyenera kulemba "ziwalo zopanga mahomoni", "chiwalo chopanga insulini" ndi "chibadwa chotengera kwa makolo". Ena adzadandaula kuti mawuwa ngataliatali. Dandaulolo nlomveka, ndipo afupiafupi afunidwebe. Koma kufikira atapezeka, omasulira asankhe mawu amene angachititse wodwala kukumbukira chimene chidadwalitsa makolo ake ndi kubweretsa ana ake kuchipatala.