Luso la omanga chikulunga ku Chirimba

Madzulo, sukulu ikaweruka, ana a ku Chirimba sadikira mpira wogula m'sitolo. Amatola majumbo pafupi ndi msika, nsanza ndi timizere ta mphira ta chubu chakutha cha njinga, n'kupereka kwa katswiri wawo.

Mmisiriyo, nthawi zambiri mnyamata wa kupulayimale, amayamba ndi kukulunga mtima wolimba, kenako amakuta majumbo limodzilimodzi, uku akupsinja ndi zikhatho kuti mpira ubulungike. Pomanga zingwe m'pamene pagona luso lonse: akalekerera, chikulunga chimamasuka chigoli chisanalowe, akathinitsa kwambiri, chimapweteka zala za osewera osavala nsapato. Ena amawaula jumbo lakunja pamoto pang'ono kuti ligwirane.

Njerwa ziwiri ndiye golo. Timu iyi ndi Maule, iyo ndi Manoma, ngati kuti fumbilo ndi Kamuzu Stadium ku Chichiri. Wina amadzitcha Gabadinho Mhango, kuyesera chigoli chakutali chimene Mhangoyo anagoletsa posewera ndi Morocco mu 2022, pomwe akuluakulu adzaza m'mavidiyo kuonera Arsenal ndi Liverpool.

Makolo, mukamuona mwana akumanga chikulunga, musam'kalipire; muyamikireni, ndipo m'patseni chingwe.