Mantha a Kholo ndi Luso la Mwana: Kuunika Buku la Amy Chua

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Mwambi umenewu ndi woona, koma kholo likaumva ndi mtima wamantha limayamba kukoka m'mera uja kuti utalike msanga, osazindikira kuti likhoza kuuzula. Buku lotchedwa Battle Hymn of the Tiger Mother, lomwe lidatuluka ku America m'chaka cha 2011, likufotokoza za kholo lotere. Mlembi wake, Mayi Amy Chua, sadaloze chala makolo ena ayi. Iwo adayala pambalambanda za m'nyumba mwawo momwe, ndipo n'chifukwa chake bukuli ndi loyenera kuliunika mofatsa.

Mayi Chua adabadwira ku America m'chaka cha 1962. Makolo awo, a mtundu wa Chitchaina, adasamukira kumeneko kuchokera ku Philippines. Iwo adaphunzira mpaka kukhala mphunzitsi wa zamalamulo pa yunivesite ya Yale. Pa kalendala ya Atchaina, chaka chimene adabadwacho ndi cha chilombo cha ku Asia chofanana ndi kambuku, ndipo m'pamene padachokera dzina la bukuli: mayi wolusa amene ali pankhondo yomenyera ana ake tsogolo.

Nkhani yonse yagona pa ana awo aakazi awiri. Anawo sankaloledwa kukagona kwa anzawo, kuonera wailesi yakanema kapena kubwera kunyumba ndi malikisi osafika pamwamba penipeni. Wachisamba ankayimba piyano, pomwe mzime adakhazikika pa vayolini, chida cha zingwe chimene chimalira mochikhwekhwesa ngati kaligo. Tsiku ndi tsiku ankayeserera kwa maola angapo, ngakhale ali paulendo wokapuma. Wachisamba uja adakayimba mu Carnegie Hall, nyumba yotchuka ya zoyimba mumzinda wa New York, ali ndi zaka 14 zokha.

Ubwino woyamba wa bukuli ndi kusabisa kanthu. Mlembi akusimba momwe adakanizira mzime wawo, ali ndi zaka 7, kuchoka pa piyano ngakhale kukamwa madzi kufikira atakhoza nyimbo ina yovuta. Akusimbanso momwe adabwezera makhadi amene anawo adawalembera pa tsiku lokumbukira kubadwa kwawo, ati chifukwa adalembedwa mwaulesi. Wowerenga amakwiya, komanso nthawi zina amaseka, pakuti mlembiyo amadziseka yekha. Chiyankhulo chake ndi chosavuta, mitu yake ndi yaifupi, ndipo nkhani imayenda mosatopetsa.

Ubwino wachiwiri, umenenso uli waukulu, ndi wakuti bukuli likuulula gwero la nkhanza zoterezi. Gwerolo ndi mantha. Mayi Chua akuvomera kuti ankaopa kutsika kwa banja: agogo amavutika kuti apeze poyambira, ana awo amaphunzira nakwera, koma adzukulu obadwira m'chuma amafooka. Choncho mphotho iliyonse ya mwana inkatonthoza mtima wa mayi kwa kanthawi, kenaka mantha aja n'kubwereranso. Apa mlembi wanena zoona zimene makolo ambiri amabisa.

Komabe bukuli lili ndi chilema. Mlembi sakufunsa konse ngati makomo amene ankakankhirako ana akewo amayeza luso molondola. Mzime uja atakayesedwa kuti alowe m'kalasi la ana aluso pa sukulu ya zoyimba ya Juilliard, sadasankhidwe. Mayi ake sadaime kuti alingalire tanthauzo la zimenezi, koma adangowonjeza maola ndi maulendo opita kwa mphunzitsi wina. M'buku lonse, mwana akuoneka kuti ndi waluso pokhapokha oweruza akavomereza.

Chikhulupiriro chimenechi si cha banja limodzi lokha. Kufikira m'chaka cha 2020, mzinda wa New York unkalembetsa mayeso ana a zaka 4 pofuna kusankha olowa m'makalasi a ana anzeru zapadera. Chaka ndi chaka ana pafupifupi 15,000 ankalimbirana malo pafupifupi 2,500, ndipo makolo opeza bwino ankalipira aphunzitsi apadera okonzekeretsa tiana timeneti. Mayesowo adathetsedwa m'chaka cha 2021, anthu atadandaula kwa nthawi yaitali kuti ankayeza thumba la kholo koposa mutu wa mwana.

Mbiri ikuonetsanso kuti ngakhale akatswiri amaphonya posankha. M'chaka cha 1921, Lewis Terman wa pa yunivesite ya Stanford adayamba kusankha ana pafupifupi 1,500 okhoza koposa pa mayeso a nzeru m'chigawo cha California, nalondola moyo wawo kufikira atakula. Ambiri adachitadi bwino, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene adalandira mphotho ya Nobel. Anyamata awiri amene adayesedwa koma osasankhidwa, William Shockley ndi Luis Alvarez, ndiwo adailandira pa sayansi ya fizikisi, woyamba m'chaka cha 1956, wachiwiri m'chaka cha 1968. Kusankhidwa kumangonena za tsiku limodzi pa moyo wa mwana, sikulosera za mawa lake lonse.

Chilema china n'chakuti mlembi akugawa makolo m'magulu awiri, a Chitchaina ndi a Chizungu, ngati kuti kulimbikira ndi chuma cha mtundu umodzi. Iwo eni akuvomera kuti malire amenewa ndi osakhazikika, komabe akuwagwiritsa ntchito m'buku lonse. Akuchepetsanso mbali ya ndalama. Zida zoyimbira, aphunzitsi odziwika ndi maulendo ataliatali zimafuna chuma chimene mabanja ambiri alibe. Kholo losauka limene lingatengere ukali wokhawo, popanda zina zonsezi, lingakolole misozi yokha.

Mapeto a nkhaniyi ndiwo akulipulumutsa bukuli. Banjali lili paulendo mumzinda wa Moscow, mzime uja, ali ndi zaka 13, adaswa tambula m'nyumba yodyeramo nakalipira mayi ake anthu akuona. Mayiwo adagonja, namulola kusiya maphunziro okhwima a vayolini ndi kuyamba masewera a tenesi amene adadzisankhira yekha. Chodabwitsa n'chakuti khama lomwe adaphunzira kwa mayi ake adapita nalo kumasewerako. Motero bukuli likuvomera kuti mwambo wolimbikira ndi wabwino, koma umabala zipatso zokoma pamene mwini wake waulandira.

Wophunzira wa ku Malawi sangaone nkhaniyi ngati yachilendo. Iye akudziwa momwe makolo amasowera tulo podikira mayina a osankhidwa kupita ku sekondale, ndi momwe ana ena amabwerezera Sitandade 8 ngakhale atakhoza, pofuna sukulu yadzina. Awerenge bukuli monga chenjezo, osati monga malangizo a kaleredwe. Kholo liyenera kulimbikitsa mwana, koma lisamusenzetse mantha ake, pakuti mwana amene waphunzira kuti amakondedwa pokhapokha akapambana amaopa kuyesa chilichonse chimene angalephere. Paja kuthamanga sikufika.