Makwerero a Sayansi m'Sukulu za Pulayimale, Monga Aonekera ku Luwawa

Munthu wofika ku Luwawa, kumwera kwa boma la Mzimba, pamwamba pa mapiri a Viphya, apeza mitengo ya paini itaima m'mizere. Mitengoyi siinamere yokha. Boma linaibzala, makamaka kuyambira m'chaka cha 1964, pofuna kuti idzapangidwe mapepala, ndipo minda yonse ya pa Viphya inafika mahekitala pafupifupi 53,000. Fakitale imene ankaiyembekeza siinamangidwe, koma anthu ogwira ntchito m'nkhalangomo anatolapo nzeru imodzi, ndiyo yakuti chaka chilichonse cha mtengo chili ndi ntchito yake. Njere afesa pa nazale. Mbande awokera mvula itakhazikika. Patapita zaka adulira nthambi za m'munsi. Pambuyo pake apatulira. Ndipo matabwa acheka mtengo utatha zaka 20 kapena kuposerapo. Wodumpha ntchito imodzi adzaona kuipa kwake mochedwa, pamene sangathe kukonzanso.

Maphunziro a sayansi ayenera kuyalidwa chimodzimodzi. Chimene mwana aphunzira chaka chino chikhale mwala wopondapo pofikira cha chaka chamawa. Tsono funso loyenera kufunsidwa ndi ili: kodi dongosolo la sayansi limene linalowa m'sukulu za pulayimale m'chaka cha 2007 limkweza mwana wa ku Luwawa kuchokera pa khwerero lina kufika pa linzake, kapena lingomzunguza pamalo amodzi?

Ganizo la kukweza mwana pang'onopang'ono si lachilendo. M'chaka cha 1959 akatswiri a sayansi ndi a maphunziro anasonkhana ku Woods Hole, ku America, ndipo Jerome Bruner analemba zotuluka pa msonkhanowo m'buku lake la 1960, The Process of Education. Iye anaphunzitsa kuti mfundo zazikulu za sayansi zingathe kuyambidwa kwa mwana wamng'ono m'njira yomuyenera, ndi kuti mfundo zomwezo zizibweranso m'zaka zotsatira, koma mozamirapo nthawi iliyonse. Maganizo otere anafika ku Africa kupyolera mu African Primary Science Programme, imene inayambika pa msonkhano wa ku Kano, ku Nigeria, mu 1965, ndipo Malawi analowa nawo. Chikhazikitso chake chinali chakuti ana aphunzire ndi manja ndi maso, pogwiritsa ntchito zinthu za pabwalo la sukulu yawo.

Dongosolo la 2007, limene linakonzedwa ndi Malawi Institute of Education ku Domasi, liyenera kuyamikidwa pa zinthu ziwiri. Choyamba, linaika mtima pa zimene mwana angathe kuchita atatha phunziro, osati pa zimene angathe kulakatula. Chachiwiri, linalumikiza sayansi ndi khasu pophatikiza Ulimi, Sayansi ndi Luso mu Sitandade 4, lisanazigawe pawiri kuyambira Sitandade 5. Kwa mwana wa mlimi chiyambi chimenechi ndi chanzeru, pakuti ayamba ndi nthaka ndi mbewu zimene azidziwa kale. Koma makwerero ayesedwa poyang'ana pa khwerero lofooka, ndipo pa makwerero awa pali malo atatu ofooka.

Malo oyamba ndiwo chinenero. Mwana wa ku Luwawa abadwira m'Chitumbuka, monga ana ambiri a dziko la Inkosi ya Makosi M'mbelwa. Kale sukulu za Mishoni ya Livingstonia, monga za ku Embangweni kumene Donald Fraser anakhazikitsa siteshoni ya Loudon mu 1902, zinkaphunzitsa makalasi a m'munsi m'Chitumbuka. M'chaka cha 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chinenero cha dziko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa m'sukulu. Mu 1996 Unduna unalamula kuti Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chinenero cha kwawo, koma mabuku ophunzirira anakhalabe a Chichewa. Lamulo la Maphunziro la 2013 linatinso Chingerezi ndicho chikhale chinenero chophunzitsira. Pakati pa malamulo onsewa, mwana wotsata dongosolo la 2007 adziwa chinthu kunyumba m'Chitumbuka, achiwerenga mu Sitandade 4 m'Chichewa, ndipo achipezanso mu Sitandade 5 m'Chingerezi.

Chimene iye atcha khuni, buku la Sitandade 4 liti mtengo. Chimene atcha hamba, buku liti tsamba. Msisi usanduka muzu. Ndipo pali mawu ena onyenga. Kwa Mtumbuka dongo ndilo dothi lililonse la m'munda, koma kwa Mchewa dongo ndi lija loumbira miphika. Mphunzitsi akanena kuti dongo silidutsa madzi msanga, mwana wa ku Luwawa angamve kuti nthaka yonse itero, ndipo phunziro la mitundu ya nthaka lasokonekera lisanayambe. Chaka chotsatira zonsezi zivala maina a Chingerezi, ndipo palibe tsamba m'buku limene limuuza mwana kuti chinthu chatsopanochi ndi chomwe chija anachigwira ndi manja chaka chatha. Chotero ayambanso pansi ngati mlendo. Mbande yazulidwa kawiri isanagwire nthaka.

Malo achiwiri ndiwo mawu a Chichewa chenichenicho. Chichewa sichisowa mawu, koma mawu ake a tsiku ndi tsiku asenza matanthauzo ambiri amene sayansi iwalekanitsa. Liwu lakuti kusungunuka linenedwa pa mafuta ali pamoto, linenedwanso pa mchere uli m'madzi. Koma izi ndi zochitika ziwiri, zimene Chingerezi chitcha melting ndi dissolving. Liwu lakuti mphamvu liimira force, energy ndi power, zinthu zitatu zimene mwana wa ku sekondale ayenera kuziwerengera ndi miyeso yosiyana. Mpweya ndi umene munthu apuma, ndi umene udzaza m'chubu cha njinga, ndiponso uliwonse wa mitundu ija imene isanganikirana m'mlengalenga. Kulemera kuimira mass ndi weight yemwe. Ngati m'kalasi la m'munsi zinthu ziwiri zapatsidwa dzina limodzi popanda chenjezo, mwana akula akuyesa kuti ndi chinthu chimodzi, ndipo mphunzitsi wa Fomu 1 ataya nthawi kugumula chisanayambe kumangidwa chatsopano.

Chitsanzo china chichokera ku munda. Alimi ndi aphunzitsi omwe azolowera kunena kuti feteleza ndi manyowa ndizo chakudya cha mbewu. Mawuwa ndi okoma kukhutu, ndipo athandiza mwana wa Sitandade 4 kusamala chimanga. Koma m'makalasi a pamwamba mwana yemweyo auzidwa kuti chomera chipanga chakudya chake m'masamba, pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa, madzi ndi mpweya wa carbon dioxide. Nanga iye akhulupirire ziti? Ambiri asunga zonse ziwiri, china cha kumunda, china cha pa mayeso. Wokonza dongosolo akadaona zimenezi, akadalangiza kuti kuyambira pachiyambi feteleza azitchedwa mchere wa m'nthaka wothandiza mbewu kukula, kuti liwu lakuti chakudya lisungidwire nthawi yake. Paja akulu anati m'mera mpoyamba.

Malo achitatu ndiwo kubwereza kosakwera. Nkhani za zomera, za zakudya ndi za mphamvu zibwera m'makalasi angapo, ndipo woona mndandanda wa mitu angayese kuti maganizo a Bruner atsatidwa. Koma kubwereza mutu sikuli kukwera. Mwana amene anatchula ziwalo za chomera mu Sitandade 4 m'Chichewa, nazitchulanso m'kalasi lotsatira m'Chingerezi, wasintha chinenero chokha. Nzeru yake ili pomwe inali. Vutoli likula chifukwa cha mayeso a Sitandade 8 okonzedwa ndi MANEB, amene pepala lake la sayansi lifunsidwa m'Chingerezi. Mphunzitsi wofuna kuti ana ake asankhidwe kupita ku sekondale alemba matanthauzo pa bolodi, ana naloweza. Sayenera kudzudzulidwa kwambiri, pakuti chiyambire maphunziro aulere a 1994, pamene ana a m'pulayimale anachuluka kuchokera pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, makalasi akhala odzaza ndipo zipangizo n'zochepa. Koma chifukwa cha kudzazako, dongosolo liyenera kumuuza poyera chimene ana ake anachita chaka chatha ndi chimene chiwayembekeza chaka chamawa.

Kuti zioneke kuti makwerero enieni ndi otheka popanda chipinda cha zipangizo, nayi nkhani imodzi, ya madzi, monga ingayalidwire pa sukulu ya ku Luwawa. M'makalasi awiri oyamba ana angoona ndi kunena m'chinenero chawo: mame pa udzu m'mamawa, nkhungu ya mu Juni ndi Julaye yophimba mitengo, malaya ouma pa chingwe. Mu Sitandade 3 ndi 4 afunsidwe kumene apita madzi othiridwa pa simenti, ndi kumene achokera madontho a pansi pa chivindikiro cha mphika wowira; ayanike nsalu ina padzuwa, ina pamthunzi, nayerekeze. Mu Sitandade 5 zimene anaziona kale zilandire maina ake, evaporation ndi condensation, ndipo ana ayambe kuyesa mvula ndi chitini ndi rula, nalembe tsiku ndi tsiku. Mu Sitandade 6 ndi 7 amange pepala la pulasitiki pa nthambi ya masamba, naone madzi amene mtengo utulutsa. Ayerekeze paini, amene akhala wobiriwira chaka chonse, ndi mombo, umene uyoyola masamba m'chilimwe. Mu Sitandade 8 alumikize zonse: mvula, nthaka, mizu, kasupe, damu la Luwawa, mtambo. Pamenepo angathe kuyankha okha chifukwa chake phiri lopsa ndi moto wolusa, monga zachitikira kawirikawiri pa Viphya, lituma madzi amatope kumtsinje mvula ikagwa.

Ndipo khwerero la ku sekondale lili pomwepo. Buku liti madzi awira pa madigiri 100, koma ku Luwawa, pa mtunda wa mamita oposa 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, awira pafupifupi pa madigiri 95, pakuti mpweya wopsinja pamwamba pa madziwo ndi wochepa. Mwana amene anazolowera kuyesa yekha sadzanena kuti choyesera chalakwa. Adzafunsa chifukwa chake, ndipo funsolo ndilo khomo la maphunziro a Fomu 1.

Pa zonsezi patuluka malangizo atatu. Loyamba, mabuku a Sitandade 5 a sayansi akhale ndi mndandanda wa mawu m'Chingerezi ndi m'Chichewa, ndipo m'maboma monga Mzimba muwonjezedwe Chitumbuka, posonyeza makamaka mawu onyenga monga dongo. Lachiwiri, akatswiri a chinenero akhale pamodzi ndi olemba mabuku a sayansi, agwirizane za mawu monga kusungunuka ndi mphamvu, kuti liwu losankhidwa m'kalasi la m'munsi lisadzatsutsidwe m'kalasi la pamwamba. Lachitatu, m'makoleji a aphunzitsi, monga la Loudon ku Embangweni kapena la ku Kasungu, wophunzira aliyense apatsidwe ntchito yotsata mutu umodzi kuyambira Sitandade 1 mpaka 8, nalembe chimene chiwonjezeka chaka ndi chaka. Pamene sapeza chowonjezeka, wapeza khwerero lothyoka.

M'chaka cha 2025 Unduna unalengeza maganizo a dongosolo latsopano, lakuti pulayimale ikhale ya zaka 6. Kaya zaka zikhale 8 kaya 6, funso silisintha. Kufupikitsa zaka popanda kukonza polumikizira ndiko kutalikitsa mpata pakati pa khwerero ndi linzake, ndipo woyamba kugwa adzakhala mwana wa kutali ndi Domasi, amene chinenero cha buku si cha amayi ake. Okonza dongosolo akafuna kuyesa ntchito yawo, atenge mwana mmodzi wa ku Luwawa m'maganizo mwawo, namtsate kalasi ndi kalasi, akufunsa pa chaka chilichonse chimene iye angathe kufotokoza tsopano chimene sakadatha chaka chatha.