Bajeti Imafika Itatopa kwa Ndamera

Chaka chilichonse Nduna ya Zachuma ikaimirira m'Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe kuti iwerenge ndondomeko ya zachuma, ife ogwira ntchito m'boma timatchera khutu ku wailesi. Timamva za mabiliyoni, aphungu n'kumawomba m'manja. Koma ine maganizo anga amathamangira kwa Mfumu Ndamera m'boma la Nsanje, kumene Malawi amathera pa chipata cha Marka. Ndimadzifunsa kuti, mwa ndalama zonsezi, ndi zingati zimene zidzafike kumeneko zisanathere m'njira?

Sindikunena kuti boma silinaponyeko ndalama ku Nsanje. Vuto ndi mtundu wa zinthu zimene timakonda kugula. Mu Okutobala 2010, malemu Bingu wa Mutharika anatsegulira doko la Nsanje pamaso pa Robert Mugabe wa ku Zimbabwe ndi Rupiah Banda wa ku Zambia. Sitima yapamadzi imene anthu ankaidikira tsikulo sinafike, pakuti akuluakulu a ku Mozambique anaigwira m'njira. Kufikira lero dokolo silinagwirepo ntchito imene analimangira. Pamene simenti inkathiridwa m'mbali mwa Shire, msewu wochoka pa boma la Nsanje kupita ku Marka, mtunda wosakwana makilomita 30, unali wafumbi m'chilimwe ndi wamatope m'dzinja. Ntchito yothira phula msewuwo inadzayamba dziko lino litatha zaka zoposa 50 likudzilamulira.

Apa ndi pamene pagona dandaulo langa. Bajeti yathu imakonda chitukuko chodulira riboni, chokhala ndi mwala wolembedwa dzina la mtsogoleri. Koma moyo wa munthu wa kwa Ndamera umadalira tinthu tosaoneka pa chithunzi: mafuta a ambulansi, mankhwala a malungo, nyumba ya mphunzitsi, zipangizo zokonzera mjigo, malipiro a mlangizi wa zaumoyo. Zimenezi zimachokera ku ndalama zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, ndipo aliyense amene anakhalapo mu ofesi ya boma akudziwa kuti thumba likaphwa, zoyamba kudulidwa ndi zomwezi.

Ndinadzionera ndekha ndili pa ntchito m'chigwachi. Pa chipatala china chaching'ono ndinapeza mayi woyembekezera amene anafunika kutumizidwa ku chipatala chachikulu. Galimoto inalipo, dalaivala analipo, koma mafuta a mwezi umenewo anali atatha. Achibale anayamba kusonkherana, wina mpaka kuthamangira kukagulitsa mbuzi. M'mabuku a ku likulu, dera limenelo linalembedwa kuti lili ndi ambulansi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ndalama yolembedwa m'buku, isanafike pamudzi, ndi fodya wapachala.

Wina anganene kuti boma lilibe ndalama, ndipo sanganame. Mu bajeti ya 2024/25, chiwongoladzanja cha ngongole za boma chinapatsidwa ndalama zambiri kuposa unduna wa zaumoyo. Lonjezo la ku Abuja la mu 2001, loti gawo la 15 pa 100 lililonse la bajeti lizipita ku zaumoyo, zaka zambiri sitilikwaniritsa. Komatu pamene ufa wachepa m'pamene pamafunika mayi wodziwa kugawa. Kufikitsa thumba la simenti kapena bokosi la mankhwala ku Marka kumadya ndalama zambiri kuposa kulifikitsa ku Ndirande. Tikagawa mofanana pongowerenga mitu ya anthu, wakutaliyo tamubera kale.

Winanso anganene kuti n'kutaya ndalama kumanga kumene madzi amakokolola chaka ndi chaka. Zoonadi chigwachi chinasefukira mu Januwale 2015, kenaka kunabwera namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023. Koma madzi amenewa sayambira ku Nsanje. Amatsika kuchokera kumtunda kumene tonsefe tadula mitengo, n'kudzera mu Shire ndi Ruo. Ngati tikudziwa kuti madzi adzabweranso, nzeru n'kumanga milatho yolimba ndi masukulu pamalo okwera, ndi kuika padera ndalama zokonzera zowonongeka. Ife timadikira kuti anthu asamukire m'misasa, kenaka n'kutambasula manja kwa mabungwe akunja. Anansi a Ndamera, anthu a kwa Nyachikadza m'dambo la Ndindi, amauzidwa kuti asamukire kumtunda, koma amene akuwauzayo sanena bwino za minda imene akalime akafika kumeneko.

Tisaiwalenso kuti anthu amenewa analisenzera dziko lino katundu wolemera. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980, Nsanje inalandira othawa kwawo miyandamiyanda, n'kugawana nawo minda, nkhuni ndi zitsime. Nkhondo yomweyo inatseka njanji ya ku Beira, ndipo sitima inadzafikanso pa Marka mu Seputembala 2024, itanyamula mafuta. Imeneyi ndi ntchito yotamandika. Funso n'lakuti mafuta odutsa pakhomo pa anthuwa adzalowa liti mu ambulansi yawo.

Mu 1998 tinakhazikitsa lamulo la maboma aang'ono, n'kulengeza kuti mphamvu zapita ku anthu. Mphamvu zopanda ndalama ndi khasu lopanda mpini. Makhonsolo azilandira gawo lawo lonse, pa nthawi yake, ndipo pa chipatala ndi sukulu iliyonse pazimatidwa pepala losonyeza ndalama zimene zinalonjezedwa ndi zimene zafika, m'Chichewa ndi m'Chisena. Tikatero, nafe alembi ndi atolankhani tidzaleka kuyeza bajeti ndi kuwomba m'manja kwa ku Lilongwe. Tidzapita kukaiwerengera pa bolodi la kwa Ndamera.