Greedo Sanayenera Kuwombera

Mu filimu ya Star Wars ya 1977, m'bala ina ya ku Mos Eisley, Han Solo wakhala moyang'anizana ndi Greedo, amene wamuloza mfuti chifukwa cha ngongole. Han akucheza ngati palibe chovuta. Dzanja lina likuseweretsa khoma kumbuyo kwa mutu wake, linalo likusolola mfuti pansi pa tebulo. Kenako phuu! Greedo wagwetsa nkhope patebulo asanawombe n'komwe. Han akuponyera wogulitsa mowa kandalama, ulendo.

Kamphindi kameneka kamatiuza kuti Han ndi kamberembere woganizira khosi lake lokha. N'chifukwa chake mtima umadumpha pamene munthu yemweyu abwerera kumapeto kudzapulumutsa Luke Skywalker: tamuona akusintha.

Koma amene amaonera filimuyi kunyumba lero saona zimenezi. Mu 1997 mwini filimuyi, George Lucas, anaikonzanso kuti Greedo ndiye ayambe kuwombera n'kuphonya, ngakhale akhala pafupi chonchi, ndipo mutu wa Han anaupendeketsa ndi kompyuta kuti azioneka ngati wazinda. Pa DVD ya 2004 awiriwa amawombera pafupifupi nthawi imodzi. Pa Blu-ray ya 2011 anadulaponso pang'ono, ndipo pa Disney+ mu 2019 Greedo anapatsidwa mawu atsopano ofuula asanawombe. Kanema amayenda zithunzi 24 pa sekondi, ndipo zonsezi n'zongosuntha zithunzi zowerengeka, koma zikukwanira kusandutsa chigawenga kukhala munthu wongodziteteza. Han wayeretsedwa msanga, kubwerera kwake kumapeto kwapepuka. Chomvetsa chisoni n'chakuti kalumikizidwe koyambako ndi kamene kanapezetsa Paul Hirsch, Marcia Lucas ndi Richard Chew mphoto ya Oscar mu 1978.

Sikuti kusintha kulikonse n'kuwononga. Nyimbo yotsegulira filimu ya Aladdin ya 1992 inali ndi mzere wojambula Aluya ngati anthu odula anzawo makutu. Bungwe la American-Arab Anti-Discrimination Committee litadandaula, Disney inasintha mawuwo pa tepi ya vidiyo ya 1993. Pamenepo nkhani sinapunduke, chinachoka ndi chipongwe chokha.

Za Steven Spielberg n'zina. Pokumbukira zaka 20 za filimu yake ya E.T. mu 2002, anafufuta mfuti m'manja mwa apolisi otsekereza ana othawa pa njinga, n'kuikamo mawailesi a m'manja. Mantha a pamalopo anazizira, pakuti ana akuuluka kuthawa anthu amene sangawapweteke. Pambuyo pake Spielberg ananena poyera kuti sanachite bwino. Komabe DVD ya chaka chimenecho inali ndi mafilimu onse awiri, wakale ndi wokonzedwayo, ndipo pa Blu-ray ya 2012 mfuti zija zinabwerera.

Apa ndi pamene pali mlandu wa Lucas. Mwini ntchito ali ndi ufulu wopala ndi kusema chosema chake mpaka atakhutira, palibe angamuletse. Koma filimu imene anthu miyandamiyanda anaionera mu 1977 inasanduka mbali ya mbiri yawo, ndipo wophunzira luso lolumikiza zithunzi ayenera kuiona mmene inalili. Filimu yoyambirirayo inatulukapo pa DVD mu 2006 ngati chongowonjezera pa chimbale chachiwiri, yotengedwa ku LaserDisc ya 1993, zithunzi zake zosawala bwino ndiponso zosadzaza TV zamakono.