MGANDA WA MPHINDI KHUMI

Chisanu chikayamba kutha, cha kumapeto a Julaye mpaka mu Ogasiti, tauni yaing'ono ngati Mponela imasintha nkhope. Chimanga chalowa m'nkhokwe, mtedza wakumbidwa, ndalama za fodya zikadali m'matumba, ndipo mvula ili kutali. Iyi ndiyo nyengo ya maukwati, zinamwali, ziliza ndi magule. Mwa magule onsewa ndifuna kunenapo za mganda, pakuti ndikuona kuti tikuupha uku tikuuombera m'manja.

Mganda si wamakedzana ngati gule wamkulu. Ndi mbale wake wa malipenga a Atonga a ku Nkhata Bay ndi beni wa Ayao a ku Mangochi, ndipo onsewa adatengera perete wa asilikali. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 amuna ambiri a dziko lino adalowa usilikali wa King's African Rifles, ena nagwidwa kukasenza katundu ngati amtengatenga. Terence Ranger, m'buku lake la 1975 lonena za beni, adalondola magule a mtunduwu mpaka ku gombe la Aswahili kumene adayambira cha m'ma 1890. Atafika kwathu kuno, lipenga lamkuwa lidasanduka badza, chikho chomata kachikopa ka kangaude kuti mawu azinjenjemera, ndipo kuguba kudasanduka kuvina.

Ophunzira amakonda kutsutsana ngati makolo athu ankanyoza Azungu kapena ankawasirira. Ine ndikuti funso lalikulu lili pena: kodi mganda umayambira pati, nanga umathera pati?

Mganda weniweni ndi ulendo. Gulu la mudzi wina limaitanidwa ndi anzawo a mudzi wina, ndipo uthenga ukangofika, seweroli layamba. Anyamata amaphunzira masitepe madzulo ali onse, mobisa, kuopa kuti adani angawabere. Kumudzi koitanako amayi amakonola, amaphika thobwa, nagawana alendo nyumba ndi nyumba. Tsono taonani chovala: kabudula woyera, malaya oyera, masokosi ofika m'maondo. Amene adakhalapo ku Dowa kapena ku Ntchisi mu Ogasiti akudziwa fumbi lake ndi akamvuluvulu ake. Kuti munthu atulukire pabwalo ali mbee! m'nyengo yotere, pali wina amene adatunga madzi, nachapa, nasita ndi simbi yamakala. Kuyera kumeneko ndi mawu a banja lonse, onena kuti kwathu kuli dongosolo. Choncho wovina akalakwa sitepe, manyazi sagwira iye yekha.

Pabwalo penipeni luso la mganda ndi kudekha. Ng'oma yaikulu imayamba ngati yaulesi, mizere iwiri kapena itatu nimasuntha pang'onopang'ono, mapazi akugwa pamodzi ngati a munthu mmodzi. Mabadza amalowa pambuyo, kenaka sitepe imapotoka pamene woonera samayembekeza. Gulu lina likudikira pambali, likuwerenga zolakwa. Oweruza ndi anthu eni ake: nthungululu za amayi, ndalama zofupa, ndi kumene khamu lakhamukira.

Tsopano yerekezani ndi mganda umene ndauona kangapo pa misonkhano ya m'tauni, kaya pa bwalo la sukulu kaya pa tsiku lotsegulira chitukuko. Magulu amandandalikidwa papepala pakati pa zolankhula za akuluakulu. Woyendetsa mwambo amalengeza pa chimkuzamawu kuti gulu lili lonse lapatsidwa mphindi khumi. Ovinawo, podziwa kuti nthawi ndi yochepa, amalumpha chiyambi chonse nathamangira sitepe yogometsa, ngati munthu woyambira nthano kumapeto. Chimkuzamawu chimameza mabadza. Nyimbo zimene zikadaseka mlesi wa m'mudzi kapena mkamwini wosamanga nyumba zasanduka zothokoza mlendo wolemekezeka. Choipa koposa nchakuti mizere yonse imayang'ana ku tebulo, anthu amene guleyo ndi wao naonera misana. Pamenepo palibenso mdani woti umugonjetse, palibe mudzi woti ukuchereze. Chatsala ndi chionetsero cha zovala.

Alipo amene anganene kuti ndikulira zakale, kuti ovinawo amapezapo kangachepe, ndiponso kuti mganda womwewo udabadwa pobwereka zachilendo, ndiye uleke bwanji kusintha. Nzoona, ndipo sindikudandaula ndi nsapato zatsopano kapena pulasitiki amene ena amamata pa badza m'malo mwa kachikopa ka kangaude. Koma kusiyana kulipo. Makolo athu adatenga perete, chinthu chochitira bwana woima patsogolo, nachisandutsa chao, choweruzidwa ndi mudzi. Ife tikuchita chobwerera: tatenga gule wa mudzi nkumubwezera kwa bwana woima patsogolo. Pakutero tikufafaniza nzeru yeniyeni imene idabala mganda.

Gule wamkulu ndi vimbuza zidalandira ulemu wa UNESCO mu 2005, tchopa mu 2014. Mganda ulibe chikalata chotere, ndipo sindikhulupirira kuti chikalata ndicho chingaupulumutse. Ofunika ndi okonza misonkhano olimba mtima, oti achepetse zolankhula, azimitse chimkuzamawu, aitane magulu awiri okha, nawapatsa masana onse kuti athane. Akuluakulu a patebulo atsike akaime m'khamu, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Kwa ife a m'bwalo lino la alembi, amene timasauka kufunafuna maonekedwe a sewero lachimalawi, ndikuti tchuthi chikubwerachi tipite kumene kukulira mabadza, tikafike gule asanayambe ndipo tikachoke alendo ataperekezedwa. Tikalemba za mphindi khumi zokhazo, adzukulu athu adzayesa kuti mganda unali perete basi.